Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana a m'chigwa cha Shire alibe mabuku a nyama zimene amakhala nazo

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zamaphunziro,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka a Nduna,

Makolo ndi aphunzitsi amene alemba kalatayi ndi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Iwowa akudziwa kuti patebulo panu pali nkhani zikuluzikulu: zipinda zophunziriramo zosakwanira, madesiki, nyumba za aphunzitsi, malipiro. Pambali pa zimenezi, nkhani ya mabuku a nyama ingaoneke ngati yamasewera. Komatu ayankhulapo pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, alembapo makalata kumaofesi osiyanasiyana, ndipo yankho lakhala lomwe lija lakuti zamveka, zipita kwa akuluakulu. Akuluakuluwo ndinu, a Nduna. N'chifukwa chake aganiza zolemba poyera kuti inu mumve, ndi Amalawi ena amvenso.

Dandaulo lawo ndi ili. Mwana wa m'chigwa cha Shire amakhala pafupi ndi ng'ona, mvuu, njoka ndi njovu kuposa ana ambiri m'dziko muno. Koma buku lomuuza zoona za nyamazi, m'chiyankhulo chimene angawerenge yekha, lokhala ndi zithunzi zoti azindikire chimene akuwerengacho, n'lovuta kulipeza m'sukulu za kuno.

1. Nyama zadzaza chigwa, mashelefu ali mbee

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 860,000 m'maboma awiriwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Anthuwa azunguliridwa ndi nkhalango zitatu zotetezedwa ndi boma. Ku Chikwawa kuli Majete ndi Lengwe, ku Nsanje kuli Mwabvi, imene ndi yaing'ono mwa zitatuzi. Pakati pa chigwachi pali dambo la Elephant Marsh, lija David Livingstone analipatsa dzina m'chaka cha 1859 ataonamo njovu pafupifupi 800. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame za m'madzi zikadalimo zikwizikwi, ndipo mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ndi lachiwiri m'Malawi, kutsatira nyanja ya Chilwa.

Mbiri ya Majete payokha ndi buku lathunthu. Pofika 1992 njovu zonse za m'nkhalangoyi zinali zitaphedwa. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa, ndipo chaka chomwecho chipembere chinabwerera. Njovu zinayamba kubwera mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018. Njovu zinaswana mpaka zina kutengedwa pamagalimoto kupita ku Nkhotakota mu 2017. Atolankhani a kunja alemba za nkhaniyi, aijambula, aionetsa pa makanema. Mwana wa kwa Chapananga, amene munda wa makolo ake wachita malire ndi mpanda wa nkhalangoyo, amangoimva mwa apo ndi apo.

Ku Lengwe kuli boo, gwape wamkulu uja wamphongo wake ndi wotuwa moderako, wa nyanga zopotana, pamene wamkazi ndi wofiirira, wa mizere yoyera, wopanda nyanga, moti wosadziwa amayesa ndi nyama ziwiri zosiyana. Lengwe ili kumalire a kumpoto a dera limene nyamayi imapezeka mwachilengedwe mu Africa. Alendo amalipira ndalama kudzakhala m'tinyumba tobisalira pafupi ndi zitsime kuti amuone. Ana ambiri a ku Nchalo, mtunda waufupi chabe kuchokera pachipata, amamaliza Sitandade 8 asanamuone ngakhale pachithunzi.

2. Kalulu ndi fisi alipo, zoona za kalulu ndi fisi palibe

Olemba kalatayi sakunyoza nthano. Anakula nazo, ndipo akufuna ana awo akule nazo. Koma m'nthano kalulu amayankhula, fisi amavala malaya, ng'ona imapita kubwalo la milandu. Nthano imaphunzitsa khalidwe la anthu pobwereka matupi a nyama. Sinena kuti ng'ona imaikira mazira mwezi wanji, kapena chifukwa chimene mvuu imayasamulira.

Mabuku a m'kalasi nawo amakhudzako za chilengedwe, m'maphunziro a sayansi, ulimi ndi zachikhalidwe. Amatero mwachidule, polingalira mayeso, ndipo kuyambira pamene lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, mwana wa ku Tengani amene kwawo amayankhula Chisena amakumana ndi nkhani ya nyama za kwawo m'chiyankhulo chachitatu. Amaloweza, amalemba mayeso, amaiwala.

Kenaka pali mabuku a mphatso ochokera kunja. Makolo ndi aphunzitsi akuthokoza amene amatumiza, ndipo ena mwa mabukuwo ndi okongola kwabasi. Koma tsegulani katoni imodzi muone: zimbalangondo zoyera za kumadzi oundana, nkhandwe za ku Ulaya, mitengo yoyoyola masamba chifukwa cha chisanu. Mwana akuwerenga zimenezi mu Okutobala ku Ngabu, kutentha kutapyola madigiri 40, mlambe uli panja pa kalasi nawonso utayoyola masamba pa chifukwa chosiyaniratu, chimene palibe buku likumufotokozera. Kudziwa za maiko ena n'kwabwino. Chodandaulitsa n'chakuti mwanayo amayamba kuganiza kuti chinthu choyenera kulembedwa m'buku n'chakutali basi, ndipo za pakhomo pake si maphunziro.

Ndondomeko ya National Reading Programme, imene unduna wanu unakhazikitsa mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, inabweretsa mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira. Inali ntchito yabwino. Koma mwana akadziwa kulumikiza maphatikizo amafuna choti awerenge, ndipo aphunzitsi a kuno aona kuti anyamata ambiri amene amagwa ulesi ndi nkhani zopeka amadzuka akamva za njoka, nsomba ndi misampha. Mwana wotereyu tikumutaya chifukwa chosowa buku la masamba 24.

3. Kusadziwa kukupha anthu

Apa ndiye pagona nkhani, a Nduna, ndipo mulole kuti itambasulidwe.

M'mwezi wa Meyi 2023, patangopita miyezi iwiri chichitikire namondwe wa Freddy, mvuu inagubuduza bwato pamtsinje wa Shire m'boma la Nsanje. M'bwatomo munali anthu 37, ndipo ambiri anamira, kuphatikizapo mwana wakhanda. Ngozi imeneyi inamveka mpaka kunja. Zimene sizimveka ndi zija za chaka ndi chaka: mayi wogwidwa ndi ng'ona akuchapa, mnyamata wogwidwa akumwetsa ng'ombe, msodzi wotsala ndi mkono umodzi. Buku silingamange mlatho, ndipo silingakumbe mjigo kuti amayi aleke kutunga madzi kumtsinje. Zimenezo ndi za maunduna ena, ndipo akumbutsidwa. Komabe pali zinthu zimene mwana wa zaka khumi angathe kuziwerenga n'kuzisunga moyo wake wonse.

Ng'ona imaphunzira. Ikaona kuti padooko lakutilakuti pamabwera anthu nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, imakadikira pomwepo, thupi lonse lili m'madzi, maso ndi mphuno zokha zili kunja. Kutaya matumbo a nsomba pamalo osambira n'kuiitana. Yaikazi imakwirira mazira mumchenga nyengo yotentha, n'kulondera chisacho pafupifupi miyezi itatu, ndipo nthawi imeneyo imalusa kwambiri. Kutentha kwa mchengawo ndi kumene kumachititsa kuti ana aswe aamuna kapena aakazi. Ng'azi, imene ana amaigenda akangoiona, imafukula mazira a ng'ona n'kudya, motero mudzi umene watha ng'azi wathandiza ng'ona kuchuluka. Ndi mwana uti angagone m'kalasi akuwerenga zimenezi?

Mvuu sidya nyama ya munthu, koma imapha. Usiku imatuluka kukadya udzu ndi mbewu za m'madimba, m'mawa n'kubwerera kumadzi podzera njira yake yomweyo, ndipo woima pakati pa iyo ndi madzi ali pangozi. Ikayasamula sikuti ili ndi tulo: ikuonetsa mano, ikuchenjeza. Yaikazi yokhala ndi mwana siyandikirika. Asodzi akuluakulu a ku Elephant Marsh amazidziwa zonsezi, koma si mwana aliyense ali ndi agogo asodzi, ndipo mabanja ambiri asamutsidwa ndi madzi kuchoka kumalo amene ankawadziwa bwino.

Nanga njoka? Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangokhala duu panjira podalira mawanga ake, n'chifukwa chake imaluma oyenda usiku opanda nsapato ndi tochi. Madzi akasefukira, njoka nazo zimathawira kuchulu ndi kumtunda komwe kwathawira anthu. Munthu akalumidwa, ambiri amathamangira kutema pabalapo ndi lezala, kuyamwa, kapena kumanga mwendo ndi chingwe mpaka magazi kuima. Zonsezi achipatala amaletsa. Chofunika n'kumukhazika mtima pansi wolumidwayo, kusagwedeza chiwalo cholumidwa, ndi kumunyamula msanga kupita kuchipatala. Njoka ikalavulira m'maso, mankhwala oyamba ndi madzi ambiri otsukira. Galu akaluma, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika. Likodzo, limene anyamata ena amaliyesa chizindikiro cha kukula, limachokera ku tizilombo tokhala mu nkhono za m'madzi odikha momwe iwo amasambira. Tsamba limodzi lojambula ulendo wa kachilomboka kuchoka mwa munthu kupita mu nkhono n'kubwereranso lingachite zimene misonkhano yambiri yalephera.

Ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira, ikubweretsa madzi pafupi ndi midzi imene kale inali kutali ndi mtsinje. Ndi chitukuko, ndipo anthu akuchiyembekezera. Koma ana a m'midzi imeneyo akufunika kudziwa za madzi ndi zokhala m'madzi ngalandeyo isanakhale malo awo osewerera.

4. Lamulo likulanga amene sanaphunzitsidwe

Mu 2017 lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa, ndipo wopezeka ndi nyama zotetezedwa mwapadera, monga njovu, chipembere ndi ngaka, angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Olemba kalatayi sakutsutsa lamuloli. Akungoona kuti amene amagwidwa ndi ngaka m'thumba kawirikawiri ndi mnyamata wa kumudzi amene wanamizidwa kuti alemera. Akanawerenga ali mwana kuti mamba a ngaka ndi ofanana ndi zikhadabo zake zomwe, kuti nyamayi imadya chiswe ndi nyerere, ndipo imabereka mwana mmodzi yekha pa nthawi, mwina akanaganiza kawiri. Boma limene limamanga munthu chifukwa cha nyama liyenera kuyamba lamuphunzitsa za nyamayo.

Chimodzimodzi kadzidzi, amene amagendedwa pomuganizira ufiti pamene usiku wonse amagwira makoswe otha mapira m'nkhokwe. Buku labwino silifunika kunyoza zikhulupiriro za makolo kuti linene zimenezi. Ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, mwambo ndiwo wasunga nkhalango pamene mitengo ya m'madera ozungulira yathera ku makala. Nayonso ndi nkhani yoyenera kulowa m'buku la zachilengedwe.

5. Nzeru zilipo, zangotsekeredwa

Wina anganene kuti kulemba mabuku otere kufuna kafukufuku wa zaka zambiri. Ayi, kafukufukuyo anachitika kale. R.C.H. Sweeney analemba za njoka za dziko lino mu 1961. W.F.H. Ansell ndi R.J. Dowsett anatulutsa Mammals of Malawi mu 1988. Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa The Birds of Malawi mu 2006, momwe muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Brian Morris anayenda m'midzi n'kulemba zimene Amalawi eni ake amadziwa za nyama, tizilombo ndi bowa. Onsewa ndi mabuku a akuluakulu, a m'Chingerezi, okwera mtengo, opezeka m'malaibulale a m'mizinda. Zina mwa zimene zili m'menemo zinachokera pakamwa pa alenje, asodzi ndi alimi a m'midzi, koma sizinabwerere kwa adzukulu awo.

Chitsanzo cha m'dziko momwe muno chiliponso. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu ndipo linayambitsa magazini ya ana yotchedwa Nantchengwa. National Library Service nayo yasindikizapo timabuku ta ana. Ku Majete ana a sukulu zoyandikana amatengedwa kukaona nyama. Ntchito zonsezi n'zoyamikika, koma zimadalira chifundo cha mabungwe ndi thumba la opereka thandizo. Kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kwaonetsa kuti thumba lotere lingatsekeke tsiku lililonse.

Ndipo nkhani zokoma sizikusowa. M'madambo a kuno muli dowe, nsomba yopuma mpweya ngati munthu, imene madzi akaphwa imadzikwirira m'matope, n'kudzikuta ndi mamina ake, n'kugona miyezi mpaka mvula itagwa. Muli chiswankhono, mbalame ya mlomo wosakumana pakati, woumbidwira kutulutsa nkhono m'chigoba. Muli namasupuni, duwa lokongola lochokera ku South America limene limatseka njira za mabwato. Muli nyika, imene mabanja a ku Nsanje amakazula m'madzi a ng'ona chaka cha njala. Pali nsadzu, mbalame yotsogolera munthu kunjuchi. Wolemba waluso akanapatsidwa mpata, vuto lake likanakhala kusankha choyambira.

6. Ngakhale ochepa amene alipo, madzi amatenga

Madzi osefukira mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi madzi analowa m'makalasi a m'chigwa, ndipo sukulu zimene zinapulumuka zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ku Makhanga, pafupi ndi pamene Ruo amakumana ndi Shire, anthu sachitanso kuwerenga kuti madzi abwera kangati. Thandizo likabwera pamakhala ufa, mabulangete, matenti, mwina makope ndi mapensulo. Mabuku owerenga amabwera pomalizira, ngati abwera n'komwe. Mphunzitsi wamkulu amene wataya mabuku kawiri amayamba kutsekera otsalawo m'kabati ya muofesi, poopa kufunsidwa akasowa. Sitingamudzudzule kwambiri. Koma buku la m'kabati limathera kwa chiswe lisanafike m'manja mwa mwana.

Zimene makolo ndi aphunzitsi akupempha

Choyamba, a Nduna, lamulani Malawi Institute of Education ku Domasi kuti ikonze mndandanda wa timabuku ta zoona zokhudza nyama, mbalame, nsomba, mitengo ndi mitsinje ya dziko lino, ta ana a Sitandade 3 mpaka 8. Kuyamba kuyambire pa zimene zikupha anthu: ng'ona, mvuu, njoka, chiwewe, likodzo ndi madzi osefukira. Timabukuti tikhale m'Chichewa, ta m'chigwa muno tikhalenso m'Chisena, ndipo Chingerezi chingathe kukhala tsamba loyang'anizana kuti mwana aphunzire zonse ziwiri.

Chachiwiri, asalembe anthu a muofesi okha. Pagulu la olemba pakhale aphunzitsi a kuno, asodzi a ku Elephant Marsh, alonda a nyama a ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi, alangizi a zaumoyo, ndi ojambula a Chimalawi amene anaonapo mgwalangwa ndi maso awo. Nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, ya usodzi ndi unduna wa zaumoyo ziunike mfundo iliyonse, chifukwa buku lolakwitsa pa nkhani ya njoka n'loopsa kuposa kusowa buku. A Centre for Language Studies ku Zomba athandize pa kalembedwe ndi mayina a nyama monga momwe amatchulidwira m'madera osiyanasiyana.

Chachitatu, ndalama zake zilembedwe m'bajeti ya unduna, osadikira wachifundo. Osindikiza mabuku a m'dziko muno apatsidwe ntchitoyi, ndipo chilolezo chikhale chotseguka kuti bungwe, mpingo kapena kampani ya kuno yofuna kusindikiza makope ena itero popanda kuyenda maulendo a ku Lilongwe.

Chachinayi, sukulu iliyonse ya m'madera osefukira madzi ilandire bokosi lachitsulo lotsekeka bwino, lotheka kunyamula, ndipo mabuku owerenga akhale pa mndandanda wa katundu wobwezeretsedwa ngozi ikachitika. Tulutsaninso kalata youza aphunzitsi akuluakulu kuti buku long'ambika m'manja mwa mwana si mlandu, ndi kuti ana azibwereka kupita nawo kunyumba, kumene makolo ndi abale osapita kusukulu angamve nawo.

Chachisanu, kambiranani ndi nduna inzanu yoona za nyama zakutchire kuti mwana aliyense wa m'maboma awiriwa alowe kamodzi m'nkhalango yoyandikana naye asanalembe mayeso a Sitandade 8, ndipo makalabu a zachilengedwe akhale ndi nthawi yake pa ndandanda ya sukulu.

Olemba kalatayi ndi okonzeka kupereka nthawi yawo, kusonkhanitsa akuluakulu odziwa nyama za kuno, ndi kuyesa timabuku toyambirira m'makalasi mwawo popanda malipiro. Akupempha yankho lolembedwa, lonena chimene unduna uchite ndi nthawi imene uchite, chaka cha sukulu chikubwerachi chisanatsegulidwe. Ngati n'kotheka, a Nduna, tsikani kuno mvula isanayambe, mudzatsegule nokha kabati ya mabuku pasukulu iliyonse imene mungasankhe pakati pa Thabwa ndi Marka.

Mwaulemu,

Makolo ndi aphunzitsi ena a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje